Ngati tizilombo ta khate tafa, n'chiyani chikutupitsa zigamba za amayi anga?

Mwana wa Wodwala:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo kwa masabata awiri, ndipo ndikupempha amene anaphunzira za chipatala kapena za kagwiridwe ntchito ka thupi kuti andimasulire, chifukwa pabanja pathu pabuka kusamvana ndipo abale akuyembekezera yankho kwa ine.

Amayi anga ali ndi zaka 58, ndipo anawapeza ndi khate miyezi inayi yapitayo. Anali ndi zigamba zisanu ndi zitatu zotuwa, zina pamsana, zina pamkono, ndi chimodzi patsaya, zosayabwa ndiponso zosawawa, moti a dokotala atazikhudza ndi thonje amayi sanamve kanthu. Anawalembera mankhwala a miyezi 12, ndipo sanadumphitsepo ngakhale tsiku limodzi, chifukwa mlongo wanga ndi amene amawapatsa m'mawa uliwonse. Miyezi itatu yoyamba kunalibe vuto lina kupatula kuti khungu lawo linayamba kuda, zimene anatichenjezeratu kuti zidzachitika. Koma mwezi uno zigamba zija zadzuka: zafiira, zatupa ngati munthu walumidwa ndi mavu, ukazigwira zikutentha, ndipo chigongono cha kumanja chikuwawa kwambiri moti ululu wake ukutsika mpaka ku zala ziwiri zakumapeto. Tsiku limene analephera kugwira chipande poomola nsima ndi limene tinathamangira nawo kuchipatala.

A dokotala anatiuza kuti zimenezi amazitcha riyakishoni, kuti tizilombo pafupifupi tonse tinafa kale ndi mankhwala, ndipo kuti chitetezo cha m'thupi mwawo ndi chimene chikuchita zimenezi. Anawonjezera mapilitsi a prednisolone n'kutilamula kuti mankhwala a khate asasiyidwe. Odwala anali ambiri pamzere, choncho sindinafunse zambiri. Titafika kunyumba, amalume, amene ndi mwini mbumba, anafunsa funso limene sindinathe kuliyankha: ngati tizilombo tafa, thupi likumenyana ndi ndani? Iwo akuti mankhwalawo ndi amene sakugwirizana ndi magazi a amayi, ndipo akufuna kuti tiwasiyitse. Ine sindikufuna kuwasiyitsa, koma sindikufunanso kutsutsa akuluakulu ndi mawu ongoloweza amene ine mwini sindikuwamvetsa. N'chiyani kwenikweni chili m'kachilombo kakufa chimene chingautse thupi chonchi? Nanga n'chifukwa chiyani nkhondoyo ikupita ku chigongono ndi ku zala, kumene kunalibe chigamba?

Wa ku Labotale:

Bambo, pepani ndi matenda a amayi, ndipo mwachita bwino kufunsa musanawasiyitse mankhwala. Ine ntchito yanga ndi ya mu labotale, choncho ndifotokoza za kachilomboko ndi zimene thupi limaona pa iko. Za kasamalidwe ka wodwala ndizisiyira a chipatala.

Funso la amalume anu ndi lanzeru, ndipo yankho lake lagona apa: asilikali a m'thupi sayang'ana ngati mdani akupuma kapena wafa, iwo amanunkhiza zinthu zimene mdaniyo anapangidwa nazo. Njuchi ikakulumani imakafera kwina, koma mbola imene yatsala m'mnofu imapitiriza kutupitsa malowo. Kachilombo ka khate, kamene dzina lake ndi Mycobacterium leprae ndipo anakatulukira ndi Gerhard Armauer Hansen ku Bergen m'dziko la Norway mu 1873, ndi kachibale ndi ka chifuwa chachikulu, ndipo tonse tiwiri tili ndi chikopa chochindikala cha mafuta olimba ngati phula. Mwa mankhwala atatu amene amayi akumwa, rifampicin ndi wamphamvu kwambiri, moti kumwa koyamba kokha kumapha tizilombo toposa 99 pa 100 tilitonse m'masiku ochepa. Koma kupha ndi ntchito ina, kuchotsa mitembo ndi ntchito inanso. Maselo otchedwa macrophage, amene ntchito yawo ndi kumeza ndi kugaya zachilendo, amavutika kwambiri kugaya phula limeneli. Ife tikatenga timadzi ta pakhungu la khutu la wodwala n'kutipaka mankhwala ofiira, kusiyana kwake kumaoneka bwino pa maikulosikopu: tizilombo tamoyo tili ngati timitengo tathunthu, pamene takufa ndi todukaduka ngati mikanda imene chingwe chake chaduka. Mwa odwala amene anali ndi tizilombo tambiri, kuchuluka kwa zotsalirazi kumatsika pafupifupi kakhumi pa chaka zikayenda bwino, kutanthauza kuti munthu angachire, osapatsiranso wina aliyense, koma n'kumasungabe mitemboyo pakhungu ndi m'minyewa, mitsempha yonyamula uthenga, kwa zaka zingapo.

Umboni woti tizilombo takufa timautsa thupi ndi wakale. Mu 1919 dokotala wa ku Japan, Kensuke Mitsuda, anafotokoza za kuyeza kumene amabaya pakhungu la munthu tizilombo ta khate tophedwa powiritsa. Mwa munthu amene chitetezo chake chimakazindikira kachilomboko, pakatha masabata atatu kapena anayi pamatuluka kambulu kolimba kofiira, ngakhale kuti palibe kachilombo kamoyo kamene kalowa m'thupi.

Tsopano ndifike pa zinthu zake zenizeni. Maselo olondera thupi, monga ma macrophage aja, ali ndi tizigawo togwira ntchito ngati mphuno ya galu wosaka, ndipo kalikonse kali ndi fungo lake limene kamalidziwa. Tiwiri totchedwa TLR2 ndi TLR1 timathandizana pozindikira mapuloteni omatana ndi mafuta amene ali pachikopa cha kachilomboko, monga mmene gulu la Robert Modlin ku Los Angeles linaonetsera mu 2003. Kena, kotchedwa NOD2, kali m'kati mwa selo, ndipo kamadikira tizidutswa ta khoma la kachilomboko totchedwa muramyl dipeptide, timene timaonekera khomalo likagumuka. Kenanso, TLR9, kamazindikira DNA ya kachilomboko, yosunga malangizo a chibadwa chake, imene imakhala yobisika mpaka kachilomboko kataphulika. Taonani chimene chikutuluka pamenepa: zina mwa zinthu zoutsa thupi zimaonekera kwambiri kachilomboko kakafa kusiyana ndi pamene kali moyo. Nkhokwe ikakhala chilili nkhuku zimangoizungulira, koma ikagwa chimanga chonse chimamwazika pabwalo.

Fungo lija likamveka, selo limatulutsa timapuloteni ta uthenga totchedwa cytokine, timene tili ngati mfuwu wa m'mudzi, ndipo kodziwika kwambiri ndi TNF. Mfuwu umenewu umafutukula mitsempha ing'onoing'ono ya magazi n'kuiyambitsa kudontha, madzi ndi maselo ena amatuluka m'magazi n'kudzaza malowo, ndipo n'chifukwa chake chigamba chimafiira, chimatentha, chimatupa ndi kuwawa. Pa riyakishoni ngati ya amayi, amene amakuza kwambiri mfuwuwo ndi maselo a T a mtundu wa CD4, omwe aja timawerenga mwa anthu amene ali ndi HIV. Iwo akaonetsedwa tizidutswa ta mapuloteni a kachilomboko amatulutsa interferon-gamma, amene amakalipitsa ma macrophage kuti amenye mwaukali kuposa kale, ndipo paliponse pamene pagona zotsalira za kachilomboko pamasanduka bwalo la nkhondo.

Funso lanu lachiwiri ndi limene limandikhudza kwambiri, chifukwa kupunduka kwa khate kumachokera pamenepo. Ndikanena minyewa ndikunena mitsempha yonyamula uthenga wa kumva ndi wa kuyendetsa ziwalo, osati ya magazi. Kachilombo ka khate kamakonda malo ozizirirapo kuposa m'kati mwa thupi, ndiye kamakhazikika pakhungu, m'mphuno, m'makutu, ndi m'minyewa imene imadutsa pafupi ndi khungu, monga wa kuseri kwa chigongono, wa m'mbali mwa bondo ndi wa kuseri kwa kakolo. Mnyewa wa pachigongono ndi umene umatumikira zala ziwiri zakumapeto, choncho tizilombo tinalimo kale mwakachetechete ngakhale kuti pamwamba panalibe chigamba. Kiyi wolowera m'minyewa ndi chinthu chotchedwa PGL-1, mafuta okhala ndi timashuga titatu kunsonga kwake, amene Shirley Hunter ndi Patrick Brennan anawatulukira ku Colorado mu 1981. Timashuga timeneti timamatirira pa puloteni yotchedwa laminin-2 imene imakuta maselo a Schwann, ndipo maselo a Schwann ndi amene amakulunga mnyewa monga mmene pulasitiki amakulungira waya wa magetsi.

Mu 2017 gulu la Lalita Ramakrishnan ku Cambridge linatenga kachilombo kachibale kamene kamadwalitsa nsomba, n'kukasintha kuti kazipanga PGL-1, kenako n'kukabaya mu tiana ta nsomba zotchedwa zebrafish, timene thupi lake limaonekera m'kati ngati galasi. Anaona kuti amene ankawononga mnyewa anali ma macrophage amene anameza kachilomboko: PGL-1 ankawachititsa kutulutsa nitric oxide wochuluka, amene ankawononga tizigawo topanga mphamvu m'kati mwa mnyewa, ndipo chikutiro chake chinkayamba kusendeka. Atachotsa ma macrophage, minyewa sinawonongeke motero. Palinso chinthu china cha pachikopa chotchedwa LAM, chimene chimautsa mapuloteni a m'magazi otchedwa complement, amene ntchito yawo ndi kuboola mdani, ndipo ofufuza apeza zizindikiro za kuboola kumeneku pa minyewa ya odwala khate. Mukamakawafotokozera amalume, muwakumbutse za anyamata amene amatentha tchire pofuna mbewa: mbewa zimafa ndithu, koma moto ukalowa m'munda wa nandolo si mbewa zimene zawotcha mundawo. Prednisolone ndi wozimitsa motowo, pamene mankhwala a khate akumalizitsa mbewa zotsala.

Wachipatala Wopuma:

Ndikugwirizana ndi zimene anzathu a ku labotale afotokoza, koma ndiwonjezere mfundo imodzi imene ingathandize kwambiri pokambirana ndi amalume. Ndinagwira ntchito ya khate kwa zaka zambiri, kuyambira nthawi imene bungwe la LEPRA linkathandiza pa ntchitoyi m'dziko muno, ndipo ndinaona odwala ambiri amene anafika kwa ife tsiku loyamba ali kale ndi riyakishoni, asanamwepo pilitsi ngakhale limodzi. Ena inkawagwera atamaliza kale mankhwala. Amayi ena inkawayamba miyezi yoyambirira atabereka, nthawi imene chitetezo chimene chinafatsa ali oyembekezera chikubwerera mwamphamvu, ndipo m'zaka za pambuyo pake zomwezo zaoneka mwa ena amene angoyamba ma ARV. Choncho mankhwala a khate angafulumizitse riyakishoni pophwanya tizilombo, koma si amene amaibala, ndipo kuwasiya sikungaithetse. Kungangopatsa mpata tizilombo totsala kuti tichulukanenso, zimene zili ngati kusonkhezera nkhuni pamoto womwewo.

Khate silioneka mofanana mwa anthu onse. Mu 1966 Dennis Ridley ndi William Jopling anagawa matendawa m'magulu asanu. Kumbali imodzi kuli anthu amene chitetezo chawo chimatsekera tizilombo m'chigamba chimodzi kapena ziwiri, moti ngakhale pa maikulosikopu sitipezeka. Kumbali ina kuli amene maselo awo a T salabadira kachilomboka, ndipo tizilombo timachulukana mpaka mamiliyoni. Ambiri ali pakati, ndipo apakatiwa ndi amene chitetezo chawo chimasinthasintha. Malinga ndi mmene mwafotokozera zigamba za amayi, akuoneka kuti ali m'gulu lapakatili, ndipo chimene chawachitikira ndi riyakishoni ya mtundu woyamba, pamene chitetezo chimadzidzimuka n'kuukira malo onse amene poyamba chinkangowayang'ana. Imabwera kawirikawiri m'chaka choyamba cha mankhwala. Ya mtundu wachiwiri, imene timaitcha ENL, imagwira a tizilombo tambiri aja, ndipo imabwera ndi kutentha thupi ndi timibulu tatsopano towawa.

Chimene chikundidetsa nkhawa si zigamba, chifukwa zimenezo zidzaphwa n'kufundula. Nkhawa yanga ili pa chigongono ndi patsaya. Mnyewa uli m'chikutiro cholimba chosatamuka, ndipo pachigongono umadutsa m'kangalande kopapatiza ka fupa. Ukatupa ulibe kofutukukira, umadzifinya wokha, magazi amalephera kulowamo, ndipo ulusi wake umayamba kufa. Mnyewa umene wafooka posachedwa, pasanapite miyezi 6, nthawi zambiri umabwerera ndi prednisolone, koma wochedwa nawo kwambiri sumabwerera kawirikawiri. Chigamba chotupa cha patsaya nacho chili pafupi ndi mnyewa umene umatseka chikope, ndipo diso losatsekeka limauma n'kuchita zilonda. Choncho m'mawa uliwonse mlongo wanu aziwapempha amayi kuti atsinzine mwamphamvu n'kuona ngati patsala mpata, aziwapatsa pepala kuti alipane pakati pa chala chaching'ono ndi chinzake iye n'kumalikoka, ndiponso aziona ngati akutha kudzutsa phazi m'mwamba. Pakakhala kusintha kulikonse, ngakhale popanda ululu, musadikire tsiku limene anakulemberani, chifukwa minyewa ina imafa mwakachetechete. Mkonowo aupumitse, aukoleke pakhosi ndi nsalu, ndipo mtondo, khasu ndi mthiko azisiye kaye.

Prednisolone amayamba wambiri n'kumachepetsedwa pang'onopang'ono, kawirikawiri kwa masabata 20, ndipo kumusiya mwadzidzidzi ndi koopsa pawiri: riyakishoni imabwerera, komanso thupi limakhala litachepetsa kupanga mahomoni ake ofanana naye. Amakweza shuga ndi BP, amapweteketsa m'mimba akamwedwa popanda chakudya, ndipo angadzutse chifuwa chachikulu kapena njoka za m'mimba, choncho mupemphe kuti aziwayang'anira pa zimenezi.

Amalume ndiwavomereze pa chinthu chimodzi. Kusagwirizana ndi mankhwala kuliko ndithu, makamaka ndi dapsone, mmodzi mwa mankhwala atatu a khate aja, koma kumaoneka mosiyana: kumabwera kawirikawiri m'masabata 6 oyamba, ndi kutentha thupi, totupa toyabwa thupi lonse, khungu kusupuka, mwanabere, ndi maso achikasu. Zimenezo zikachitika dapsone amasiyidwa ndipo munthu amathamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Zimene mwafotokoza, zigamba zakale zokha kutupa pamodzi ndi mnyewa pa mwezi wachinayi, si zimenezo. Ngati n'kotheka, ulendo wotsatira mupite nawo amalumewo kuti akadzimvere okha.

Mayi Amene Anachira:

Achimwene, ine ndikulemba monga munthu amene ndinadutsamo, ngakhale kuti yanga inali ya mtundu wachiwiri umene bambo ali pamwambawa angoutchula. Ndinali ndi tizilombo tambiri, makutu ndi nkhope zinali zitakhuthala, nsidze zitayamba kuthothoka. Nditamwa mankhwala miyezi isanu ndi iwiri, usiku wina ndinayamba kunjenjemera ndi kutentha thupi, m'mfundo monse mukuphwanya, ndipo kutacha ndinapeza timibulu tofiira tambirimbiri pamikono, pantchafu ndi kumaso, towawa moti ngakhale chitenje chikandikhudza ndinkalira. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anandipatsa mankhwala a malungo kawiri konse ngakhale kuti m'magazi sanapezemo malungo, ndipo panapita mwezi ndisanakumane ndi munthu amene anayang'ana timibuluto n'kundiuza dzina lake. Pa nthawi imeneyo diso limodzi linali litafiira ndipo linkaopa kuwala.

Amene anandithandizayo anandifotokozera motere, ndipo sindinaiwale. Mwa anthu ngati ine thupi limapanga asilikali ambiri a mtundu wa ma antibody, amene satha kupha kachilomboko chifukwa kamabisala m'kati mwa maselo. Tizilombo tikaphwanyika, zidutswa zake zimatuluka n'kugwirana ndi ma antibody aja monga mmene ufa umachitira mibulu m'phala losavundulidwa bwino, ndipo zogwiranazo zimakakamira m'mitsempha ing'onoing'ono ya magazi. Pamene zakakamira, maselo opanga mafinya otchedwa neutrophil amakhamukirapo. N'chifukwa chake matendawa sakhala pakhungu pokha, koma amafika m'maso, m'mfundo, m'mafupa, mu impso, ndipo mwa abambo kumalo obisika.

Timibuluto tinkatha pakapita masiku angapo n'kusiya mawanga akuda, kenako tina n'kutuluka. Zinandichitikira mobwerezabwereza kwa zaka pafupifupi zitatu, ziwiri mwa izo nditamaliza kale mankhwala a khate, ndipo chimene chinkandiwawa mumtima n'chakuti zikangobwera apabanja ankayambanso kundipatulira mbale, poganiza kuti khate labwerera. Silinabwerere. Anandiyeza kangapo ndipo ankapeza todukaduka tokhatokha, kuchuluka kwake kukutsika chaka ndi chaka. Anandipatsa prednisolone, kenako clofazimine wochulukirapo, mmodzi mwa mankhwala atatu a khate aja, amene anandidetsa khungu kwambiri koma anathandiza kuti zisamabwere pafupipafupi. Lero manja anga ndi athunthu ndipo ndimasoka pa makina. Muwauze amayi kuti kutupako sikutanthauza kuti sakuchira, ndipo muonetsetse kuti pakhomo pasapezeke wowasala chifukwa cha zigamba zofiirazo, pakuti munthu amene wamwa mankhwala miyezi inayi sapatsira aliyense.

Mwana wa Wodwala:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndawawerengera amalume zonse, ndipo ngakhale kuti sanayankhe zambiri, avomera kupita nafe Lachinayi. Tayesa za pepala zija ndipo amayi akuligwira mofooka, koma diso likutsekeka bwino. Chatsala chimodzi chimene mlongo wanga wafunsa. Abambo athu akhala ndi amayi nyumba imodzi kwa zaka 35 ndipo alibe chigamba ngakhale chimodzi. Ngati zinthu za pachikopa cha kachilomboko ndi zomwezo kwa aliyense, n'chifukwa chiyani thupi la wina silidwala n'komwe, la wina limayaka ngati la amayi, ndipo la wina limangokhala chete mpaka tizilombo kufika mamiliyoni? Kodi ife ana awo tingadwale chifukwa cha magazi a kumtundu?

Wa ku Labotale:

Anthu pafupifupi 95 pa 100 alionse sadwala khate ngakhale akumane ndi kachilomboko, choncho abambo anu ali m'gulu la ambiri. Komabe kachilomboka ndi kochedwa kwambiri, kamatenga masabata pafupifupi awiri kuti kagawikane kamodzi kokha, ndipo matenda angaonekere patapita zaka zisanu kapena kuposerapo, n'chifukwa chake onse a pakhomo ayenera kukaonetsa khungu lawo.

Kachilomboka ndi kofanana kwambiri padziko lonse, moti kusiyana kumene mukufunsa kuli pa mphuno zija. Mu 2009 ofufuza a ku China anayerekezera majini, kunena malangizo a chibadwa, a anthu zikwi zingapo odwala khate ndi osadwala, ndipo anapeza kusiyana pa NOD2 ndi pa majini ena ogwira ntchito limodzi naye, komanso pa HLA, amene amasankha tizidutswa toti maselo a T aonetsedwe. Ena mwa majini omwewo amakhudzidwanso pa matenda a Crohn, otupitsa matumbo, amene si opatsirana. Ku Nepal anapeza kuti anthu amene TLR1 yawo ndi yofooka mwachibadwa sagwidwa kawirikawiri ndi riyakishoni ya mtundu woyamba, chifukwa mphuno yosamva bwino fungo imautsa mfuwu wochepa. Choncho muuzeni mlongo wanu kuti za kumtundu zili ndi mbali yake, koma chimene mwana amatengera ndi kamvedwe ka fungo, osati matendawo. Munthu sangadwale khate kachilombo kasanamulowe.

Thupi lokhala chete lija si lofooka pa matenda onse, limangolekerera kachilombo kameneka kokha. Mu 1991 gulu la Modlin linayeza zigamba za mbali ziwiri zimene bambo achipatala atchula, n'kupeza kuti za tizilombo tochepa zadzaza interferon-gamma ndi IL-2, ma cytokine okalipitsa maselo omenya, pamene za tizilombo tambiri zadzaza IL-4 ndi IL-10, amene amauza maselo omenya kuti atule zida, thupi n'kumangopanga ma antibody. Mu 2013 anawonjezera kuti m'zigamba za tizilombo tambiri muli interferon-beta, amene thupi limagwiritsa ntchito polimbana ndi mavairasi, ndipo iye amatseka njira imene macrophage amaphera kachilombo mothandizidwa ndi vitamini D. Ma macrophage oterowo amafufuma ndi mafuta n'kuoneka ngati thovu, ndipo amasanduka nyumba ndi chakudya cha mdani amene anayenera kumupha. Pafupifupi theka la odwala a kumapeto kwenikweni kwa mbali imeneyo amadzagwidwa ndi ENL imene mayi afotokoza. Zoti TNF ali ndi mbali yaikulu pa ululu umenewo zinadziwika modabwitsa: mu 1964 dokotala Jacob Sheskin ku Jerusalem anapatsa wodwala ENL thalidomide kuti apeze tulo, ndipo timibulu tinaphwa m'masiku ochepa, kenako mu 1991 gulu la Gilla Kaplan ku New York linaonetsa kuti mankhwalawa amachepetsa TNF. Ndi omwe aja amene anapundula makanda zikwizikwi ali m'mimba cha m'ma 1960, choncho amaperekedwa potsatira malamulo okhwima kwambiri.

Dziko lathu linathandizapo pa nkhani yomweyi ya tizilombo takufa. Popeza kachilomboka sikamera m'mbale za mu labotale mpaka lero, tizilombo tofufuzira timachokera m'mapazi a mbewa kapena mu armadillo, nyama ya ku America yofanana ndi ngaka. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 a ku Karonga analowa m'kafukufuku wa katemera, ndipo ena anabayidwa BCG yekha, katemera wa chifuwa chachikulu, ena BCG wosakaniza ndi tizilombo ta khate tophedwa tochokera mu armadillo, pofuna kuona ngati mitembo yomweyi ingaphunzitse thupi kudziteteza. Zotsatira zimene zinatuluka mu 1996 zinaonetsa kuti kubwereza BCG kachiwiri kunachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma tizilombo takufa tija sitinawonjezere chitetezo chooneka, ngakhale kuti kuutsa thupi timatha. Kwa inu ndi mlongo wanu, chipsera cha BCG cha pamkono chimathandiza koma sichitseka khomo lonse. Kuyambira mu 2018 bungwe la WHO limalimbikitsa kuti okhala ndi wodwala, a zaka ziwiri kupita m'mwamba, akayezedwa n'kupezeka kuti alibe khate kapena chifuwa chachikulu, amwe rifampicin kamodzi kokha, zimene ku Bangladesh zinachepetsa matendawa ndi zoposa theka m'zaka ziwiri zoyamba. Lachinayi mukafunse ngati chipatala chanu chimapereka, ndipo mutengenso abambo kuti akawaone pamsana, pamene munthu sadziona yekha. Za pepala limene amayi akuligwira mofookalo mukawauze a dokotala musanayambe nkhani ina iliyonse.